Tsala la Pachitunda Lapeza Abale

Amayi, kodi mukupeza bwanji uko muliko? Kuno ku Tsangano tili moyo, kungoti mphepo ya chaka chino yatisupula milomo tonse. Mng'ono wanga Feliya anachira, ndi mwana wamkazi, mphuno ngati yanu yomwe. Kachewere anabereka bwino kumadimba a abale anga, koma ogula a malole akutchula mitengo yonga akutichitira chifundo.

Nkhani yandikhazika pansi ndi ya munda wa pachitunda. Titameta maliro anu, alongo anu a Zakeyu anatigawira minda monga eni mbumba. Madimba anapatsa ena, ine n'kundiloza tsala lija la miyala, kumene chimanga chimagona chisanamasule ngayaye. Anati poti ndine wamkulu, ndidziwa kupirira. Ndinawawidwa mtima, Amayi, koma ndinangoti zikomo.

Ndiye mwezi wathawu kunabwera anthu a galimoto yoyera, akuti akuyeza mphepo. Anaimika chitsulo chachitali m'mphepete mwa munda wangawo, pamwamba pake pali timakapu tozungulira usana ndi usiku. Akuti mphepo ikapezeka yokwanira adzamanga zitsulo zazikulu za mapiko atatu, mapikowo akamazungulira n'kumatulutsa magetsi, popanda utsi kapena dizilo. Akutinso mwini munda adzamulipira. Ndinaseka ndekha. Mphepo yomwe inkatisasulira denga chaka ndi chaka, lero anthu akuibwerera ndi galimoto.

Musandimve molakwa, magetsiwo ndikuwafuna. Feliya anachirira kuchipatala azamba akuunika ndi foni, magetsi atazima monga mwa masiku onse. Chigayo chikasowa dizilo timasenza chimanga kubwerera nacho. Mitengo ya m'phiri yathera makala, nkhuni tikukatola kutali kufupi ndi malire a Mozambiki. Ngati mphepo ingatichotsere mavuto amenewa, ibwere, ndipo ndingakondwe itayambira pamunda panga.

Chondidetsa nkhawa ndi alongo anu. Chiikireni inu m'manda sanapondepo pakhomo panga, ngakhale pamene ndinagona ndi malungo. Koma galimoto ija itangochoka, ndinangoona atulukira atavala chikhoti chawo cha ku Joni, shuga ndi buledi zili m'manja, akunditcha "mayi wathu". Paja inu munkati munthu akakusekerera mpaka mano a m'mbali, madzulo ukawerenge nkhuku zako. Ndinawaphikira tiyi, koma maso anga anali pa iwo.

Atamwa kapu yachiwiri anayamba. Akuti munda uja sanandipatse, anangondisungitsa. Akuti tsala losalimidwa limabwerera kwa mwini mbumba, ndipo alendo aja akadzabweranso ndisavutike, adzalankhula nawo okha poti iwo Chingerezi anachizolowera kumigodi. M'mawa mwake ndinakwera kuchitunda, ndipo ndinapeza khonje amene munadzala m'malire atazulidwa mbali yonse ya kuchitsulo. Sindinaone amene anazula, choncho sinditchula dzina. Koma mbuzi sizizula khonje n'kukwirira maenje.

Alendowonso sindinawakhulupirire kwenikweni. Amalankhula mokoma, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndani akudziwa ngati mawaya sadzangodutsa pamwamba pa nyumba zathu kupita kutauni, ife n'kutsala ndi phokoso la mapiko? Funso limeneli ndikufuna ndidzawafunse ndekha, m'Chichewa changa chomwechi, osati kudzera pakamwa pa munthu amene wayamba kale kuyeza denga la malata m'mutu mwake.

Choncho ndatenga khasu, Amayi. Ndagalauza tsala lonse, miyala ndaunjika m'malire, khonje ndadzalanso. Manja achita matuza ndipo anthu odutsa akundiseka kuti ndikulimira mphepo. Ndikudziwa kuti nyemba zimene ndidzalemo sizidzadzaza ndi lichero lomwe. Koma munda wa mizere palibe angautche tsala, ndipo wofuna mwini wake adzandipeza momwemo. A Zakeyu anadutsa dzulo, anaima, anayang'ana mizereyo, n'kupitirira osapereka moni. Shuga uja ndiye anali womaliza.

Ndili ndi pempho limodzi. Ngati kumeneko amakulolani kuyendera anthu kutulo, kwa ine musavutike, ndili bwino. Pitani kwa alongo anu. Padziko pano munthu amene ankamuopa munali inu nokha.

Ndikulonjeza kuti munda wanu suchoka m'manja mwanga ndili moyo. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esinati