Mmene Amayi Anagwirira Mfuti

Okondedwa malume a Sarun,

Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa ku France sikukukuvutitsani mawondo. Kuno ku Phnom Penh tili bwino, mvula yayamba.

Lamlungu amuna anga a Vuthy anatitengera ku Kampong Speu, kumene anthu amalipira kuti awombeko mfuti zachiwaya. Ine ndinkangofuna kumva mmene zimakhalira. Amayi anatiperekeza kuti akatisungire zikwama.

Nditawomba, mfuti inandikankha phewa, zipolopolo zonse n'kupita m'mwamba. A Vuthy anaseka, amvekere, "Iwe, mitambo yakulakwira chiyani?" Kenako mfutiyo inangoleka kulira. Woyang'anira malowo asanafike, amayi anadzuka, anakoka kachitsulo kam'mbali mwa mfutiyo, chipolopolo chokakamira n'kugwa pansi.

"Uziitsamira, usamaithawe," anatero amayi osandiyang'ana. Titabwerera kunyumba, madzulo sanadye.

Malume, zaka za nkhondo zija munali limodzi ndi amayi. Ife amatiuza kuti ankangodzala mpunga. Sindinawafunse kanthu, koma ndikumangoyang'ana manja awo akamasenda mango. Kodi ndiwafunse, kapena ndiwasiye?

Mupereke moni kwa onse kumeneko.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Chanthou