Thireyi ya amayi si malaya

Deo,

Ndapita ku msika wa Kariakoo kukagula vanishi. Ndibwera masana ngati maminibasi a daladala angandikomere mtima.

Ndaona zimene wachita. Aise, anakuuza ndani kuti pepala lomata amalisita? Aja si malaya ako a kuntchito. Ndi mapepala a nyimbo za kwaya amene amayi analemba ndi dzanja lawo, ndipo sabata yonseyi ndakhala ndikuwamata pa thireyi yawo yogulitsira vitumbua kuti tikaiike kutsogolo Loweruka pa arobaini, pokwana masiku makumi anayi chiwaikireni m'manda. Timatuza umafuna kusalaza tija ndi mpweya chabe wotsekeredwa pansi pa pepala. Iwe ndi simbi yakoyo waphika guluu, ndipo pakona pamene analemba dzina lawo papserera. Patsala "Eliza" yekha, "beti" wapita.

Ndikudziwa kuti umafuna kundithandiza. N'chifukwa chake ndakulembera m'malo mokudzutsa ndi simbi yomweyo.

Matuza atatu otsalawo uwasiye. Koma poti manja ako samva, ukalephera kupirira uboole pakati ndi singano, udonthezepo kaguluu pang'ono, uyale pulasitiki pamwamba, kenako uzikankhira mpweyawo kubowoko pang'onopang'ono ndi chitupa changa cha kukoleji. Chili pawindo. Ndi ntchito yokhayo imene chatsala nayo.

Chai ya m'ketulo ndamwa yonse, pepa.

Popsererapo usayese kulembapo dzina lawo. Ine ndayesa kale kakhumi papepala lina, koma "b" wawo uja akundikana.

Eliya