Anandimenya m'sitolo, amalume

Chinyunyu, 11 Juni 1996

Okondedwa amalume a Phinias,

Muli bwanji ku Kabweko pamodzi ndi a kunyumba ndi ana? Kuno chimanga takolola, ndipo mwendo wa amayi uja wayamba kupola.

Ndakulemberani chifukwa mumagwira ntchito kukhoti, malamulo mumawadziwa. Loweruka ndinakagula sopo m'sitolo ya pamseu waukulu. Potuluka, wogulitsa anandigwira chitenje nati, "Tulutsa shuga wabisa pamimbapo." Ndinamuuza kuti ndine woyembekezera, koma mnzake anandikankha, ndinagwera pa makreti a zakumwa, iye n'kundipondanso m'nthiti. Anandimasula chitenje anthu akuona, osapeza kanthu.

Dzulo mwini sitolo, ba Eugene, anabwera kunyumba ndi thumba la feteleza. Anati, "Mlongo, nkhaniyi ithere pano. Mukapita kupolisi, anyamata anga akalumbira kuti munaba." Amuna anga ali ku Luangwa kokagula nsomba, sakudziwa chilichonse.

Kodi munthu ngati ine angawasumire anthu amenewa? Ndiyambe kupolisi kapena kwa dokotala? Nanga akakandinamizira, sakanditsekera? Amayi akuti ndilandire fetelezayo, ndikhale chete, poti sitolo ndi yomweyi ndipo tizikumanabe nawo.

Nthiti zikupweteka, koma zimenezo n'zazing'ono. Mwanayu ankandivutitsa ndi timiyendo take tsiku lililonse. Kuyambira Loweruka ali phee. Amayi sindinawauze. Mawa ndikwera minibasi kupita kuchipatala cha Mpanshya, ndipo ndikuopa zimene akandiuze kumeneko.

Yankhani msanga, amalume. Mundipempherere.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Edness