Nkhungu Yawapeza Abambo

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko?

Kuno tilipo. Ndiyambe ndi zabwino, poti inu munkadana ndi munthu wofika pakhomo ndi madandaulo asanapereke moni. Mng'ono wanga Tamala wachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mawu akenso ndi anu, akalira mudzi wonse umadziwa kuti walakwiridwa. Nandolo akuoneka kuti abereka pang'ono, chinangwa cha kumtunda chija anyani atithandiza kukolola. Munda wa kumtsinje uja muuiwale, madzi atasefukira anatisiyira miyala yokhayokha. Ine ndikugulitsabe nthochi ndi zinanazi pamsika wa pa Chonde, kungoti masiku ano ndikugona kunyumba kwanu, m'mawa n'kukwera kabaza.

Zabwino zathera pomwepa. Zotsalazi ndi za abambo.

Mukulikumbukira bolodi la masewera oyala mawu lija, limene mlendo wina anawasiyira ku Likhubula atamunyamulira katundu mpaka pamwamba pa phiri? Likadalipo. Timatabwa ta zilembo timene tinasowa abambo anasema tina ta mkungudza, ndipo kathumba kake kakununkhirabe mpaka lero. Ankati mawu aatali a Chingerezi ndi a anthu a tayi. Iwo ankakonda timawu tating'ono, tolowa pampata uliwonse, timene ankatola kwa alendo m'njira katundu ali pamutu. Inu Chingerezi simunkachidziwa, ndiye munkawakayikira kuti mwina amangopeka kuti atigonjetse anafe. Munaika lamulo lanu: mawu sawerengedwa mpaka woyalayo anene tanthauzo lake m'Chichewa. Munkakhala pamphasa mukutongola chimanga, osayang'ana n'komwe pabolodipo, n'kungoti, "Tanthauzo lake? Apo ayi, chotsani."

Chifukwa cha lamulo limenelo ndinadziwa kuti ox ndi ng'ombe yokoka ngolo, yam ndi chilazi, ebb ndi kuphwa kwa madzi, hut ndi kanyumba ngati timene alendo amagonamo kuphiri kuja. Kusukulu mayeso a Chingerezi okha ndiwo sankandiopsa. Inunso munagwirapo amodzi, ash, ndipo munkawatchula monyada nthawi iliyonse mukamawola phulusa.

Chichokereni inu, mutu wa abambo wayamba kutaya zinthu. Poyamba tinkati ndi chisoni, chidzatha. Kenako anayamba kudzuka m'mawa n'kuvala nsapato zawo zokwerera phiri, akuti alendo akuwadikira, ntchito imene anaisiya mawondo atawakana. Tsiku lina anthu othyola tiyi anawapeza pakati pa munda, akufunsa njira yopita kwawo. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda a ukalamba, mankhwala ochiza kulibe. Ena m'mudzi muno ayamba kale kunong'onezana kuti munthu woyendayenda chonchi ali ndi zake. Ine amanditchula dzina lanu, ndipo ndinaleka kuwakonza, ndimangovomera.

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndimayala bolodi lija pakhonde. Chodabwitsa n'chakuti zala zawo zikukumbukirabe. Amayala mawu bwinobwino, osaphonya, mwina kundigonjetsa kumene. Koma ndikafunsa tanthauzo amangondiyang'ana. Yam inapita, ox inapita. Sabata ija anayala hut, munthu amene anagona m'tinyumba timeneto unyamata wake wonse, n'kundifunsa kuti chimenechi n'chiyani. Mwa lamulo lanu, Amayi, abambo sakupambananso. Tanthauzolo ndimanena ndine, iwo n'kugwedeza mutu ngati akumva koyamba. Zimandipweteka kwambiri kuwabwezera m'manja mawu amene anandipatsa okha.

Pamwamba pa zonsezi abwera achimwene anu, amalume a Fayisoni. Akuti maliro anu tinameta kale, tsopano yakwana nthawi yowasudzula abambo kuti abwerere kwawo kutsidya kwa mtsinje wa Muloza. Nyumba ya amayi aang'ono inagwa ndi madzi aja, akukhala ndi zidzukulu zawo m'chisakasa, ndiye nyumba yanuyi akuti alowemo iwowo. Sindikunena kuti sakuvutika, akuvutikadi. Koma ndinafunsa.

"Amalume, kwawoko kuli ndani? Alongo awo anamwalira. Watsala mphwawo, mwana wa alongowo, amene sanawaonepo n'kamodzi komwe."

"Iwe Esinati, mwambo sindinauyambe ndine. Mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame."

"Mame ake ndi amene anaumba njerwa za nyumba inoyi?"

"Ukayamba mwano ndinyamuka."

Ananyamukadi. Mukanakhalapo inu, sakanafika n'pakhonde pomwe, poti mumawadziwa mmene ankachepera mukawayang'ana. Ine ndine mwana chabe pamaso pawo, ngakhale imvi zayamba.

Mwina mukuti bwanji osawatengera ku Chonde, kukachipinda kamene ndinkachita lendi kaja. Ndinayesa. Tsiku lomwelo anatuluka kukafuna mtengo wa mango wa pakhomo panu, minibasi n'kuwaphonya pang'ono. Pano pokha ndi pamene mapazi awo akudziwabe njira: pakhomo, pamango, kuchimbudzi, kumanda kwanu. Kuwachotsa pano ndi kuwataya.

Lamlungu lapitali kunagwa chiperoni, phiri lonse osaoneka. Tinakhala pakhonde titafunda zitenje. Abambo anapapasa m'kathumba, n'kuyala zilembo zitatu: fog. Ndinafunsa mwa chizolowezi chabe, ndisakuyembekeza kanthu.

"Tanthauzo lake, bambo?"

Anayang'ana kuphiri kuja, n'kuyankha ndi mawu awo akale, aja ankalankhulira ndi alendo.

"Nkhungu. Ikakupeza paphiri usayende, ngakhale ukuganiza kuti njira ukuidziwa. Khala pansi pomwepo, udikire. Woyenda m'nkhungu ndi amene timakamutola kuphompho. Wamva, Esinati?"

Dzina langa, Amayi. Ndinali nditaiwala mmene limamvekera pakamwa pawo. Ndinafulumira kufunsa ox, ndinafunsa yam, koma anali atapitanso. Anandifunsa ngati ana abwerako kusukulu.

M'mawa mwake ndinapita kwa amalume ndi mawu omwewo, kuti munthu ali m'nkhungu sasunthidwa. Anandimvetsera mpaka kumaliza, ndipo ndinaona kuti awalowa. Koma anangoti tsiku lapanganidwa kale ndi a kutsidya, tikangomaliza kukolola nandolo. Chaka chino ndikupempha kuti nandolo achedwe kuuma, chonsecho dzuwa silimva pempho la munthu.

Sindikunamizani kuti ndipambana. Kwa amfumu ndinapita, akuti za m'banja zithere m'banja. Kutchalitchi akuti tipemphere. Nkhungu ya abamboyi siichoka ngati ya paphiri, ikungokhuthala, ndipo timawu tatsala m'mutu mwawo titha posachedwa.

Chimene ndingalonjeze n'chimodzi. Akawawolotsa, nthochi zanga ndimusiyira Tamala, ndinyamula bolodi ndi kathumba kake, ndiwoloka nawo. Adzayala mawu, ine ndidzafunsa tanthauzo monga munkachitira, akalephera ndidzanena ndine. Ndidzakhala nawo pansi pomwepo, osawasiya, mpaka mudzabwere kudzawatenga. Kungoti musachedwe kwambiri, Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati