Waya Umene Ndinakulunga ku Kalingalinga

Kalingalinga, Lusaka
13 Okutobala 2024

Okondedwa asisi anga a Edna,

Ndikulemba masana ano nditangobwera kutchalitchi. Dzuwa likuswa mtengo, malata akungothetheka, ndipo kamphepo kakati kabwere kakubwera ndi fumbi lokhalokha. Ndakhala pamthunzi kuseri kwa nyumba ya azakhali. Kuno tili bwino, kaya inu, alamu ndi ana ku Lilongweko?

Uthenga wanu ndinaumva, woti mwandipezera ntchito yolera mwana ndipo mundigulira tikiti ya basi kumapeto kwa mwezi uno. Pafoni paja ndinangoti "chabwino" monga mwa chizolowezi changa. Mukudziwa kuti pakamwa panga pamalemera. Ndiye ndati ndilembe, poti pepala silindiyang'ana m'maso.

Vitumbuwa vanga ndimagulitsa pamsewu pamene pali anthu owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Kuseri kwawo kuli kashedi ka mayi wina wachisilamu, Ba Mwanajuma, amene makolo awo anachokera ku Mangochi. Asisi, mayi ameneyu ndiye amapanga makina owotcherera a anyamata onse amsewu uno, ndi manja awo! Anaphunzira kwa malemu amuna awo. Amasanjikiza timalata topyapyala, mbali imodzi n'kukulungako waya wa kopa woonda maulendo ambirimbiri, mbali inayo waya wonenepa maulendo ochepa. Ine ndakhala ndikuwaonerera chamumtima kuyambira nthawi yozizira, beseni langa lili pamiyendo.

Mukudziwa kuti chaka chino magetsi akumazima nthawi yaitali chifukwa madzi achepa ku Kariba. Lachiwiri sabata yatha, mmodzi wa owotcherera, Ba Chrispin, anali ndi geti yoti eni ake adzaitenge mawa lake. Atatopa kudikira anakabwereka mabatire awiri a lole, n'kulumikizako makina awo. Moto kutsogolo sunatuluke. M'malo mwake makinawo anatentha, anayamba kufuka ndi kununkha vanishi wopserera.

Ba Mwanajuma anatulukira akumanga bwino mpango wawo. "Iwe Chrispin, mutu wako ni wa chani? Wovalilapo chabe kapusi?"

"Ba mayo, malaiti ni malaiti," anatero Ba Chrispin akukupiza utsi ndi katoni. "Ya mu batire na ya pa polo yasiyana pati?"

"Yasiyana monga iwe na munthu wanzelu. Bwelesa kuno mtembo wako."

Anthu onse anaseka. Kenaka mayiwo anandiyang'ana ine. "Na iwe wa vitumbuwa, bwela. Masiku onse uyangana na kumbali monga nkhuku, lelo yangana bwino."

Ndinachita manyazi, koma ndinapita. Anatenga kathiransifoma kakang'ono, mbali imodzi n'kumangako kababu ka tochi. Anandionetsa kuti mawaya awiri aja sakhudzana ngakhale pang'ono, pakati pali pepala lolimba. Atagunditsa waya wa mbali inayo ku batire, kababu kanangophethira kamodzi n'kuzima, waya uli chigundire. Atachotsa, kanaphethiranso. Anandipatsa kuti ndizigunditsa ndi kuchotsa mofulumira, ndipo kababu kanayamba kuphethiraphethira m'manja mwangamu.

Anandifotokozera kuti magetsi akamayenda mu waya wokulungidwa, timalata tija timasanduka maginito. Koma waya wachiwiri sumva kanthu maginitoyo ikangokhala phee. Umamva ikamakula, kuchepa ndi kutembenuka. Magetsi a batire amalowera kumodzi osasintha, ndiye amangotenthetsa waya woyamba, osawolokera kwinako. Amene amabwera pamitengo amapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, maulendo makumi asanu pa sekondi imodzi. Akuti kulira kuja makina amalira, kwa ngati njuchi, ndi timalata tikunjenjemera ndi kutembenukako. Ndipo poti waya wachiwiri uli ndi mikulungo yochepa, kukankha kwa magetsi kumatsika koma kuchuluka kwake kumakwera, mpaka kusungunula chitsulo.

Asisi, ine ndinalekera Giredi 7, koma tsiku limenelo ndinamva zonse. Ndakula ndikuyatsa babu osadziwa kuti m'kawaya kachete kaja muli kuyenda kotere. Ndinafika kunyumba ndikungomwetulira, azakhali mpaka anandifunsa ngati ndatola chikwama.

Mawa lake, pokulunganso makina opsa a Ba Chrispin aja, panali vuto. Zala za Ba Mwanajuma zimatupa masiku ano, ndipo waya wonenepa sakuthanso kuukoka. Anayesa, nkhope n'kukwinyika. Sanapemphe anyamata, akuti iwo amakulunga ngati akumanga mbuzi. Anangondiikira waya m'manja. "Iwe sukamba, ndiye suzasokoneza kupenda. Yamba." Kupendako ndiye kuwerenga mikulungo.

Ndinakulunga tsiku lonse, iwo atakhala pambali panga. Mzere uliwonse uyenera kugona mothithikana ndi unzake, osakwerana, osakanda vanishi. Ndikalakwitsa samakalipa, amangogogoda ndi kamtengo pamene palakwikapo, ine n'kumasula. Atapita kukaswali anandisiya ndekha ndi waya wawo wodula uja, osacheuka n'komwe. Palibe munthu anandikhulupirirapo chotere. Vitumbuwa anandigulitsira Ba Chrispin, ndipo akuti anakuwa mpaka mawu kusasa. Musaganize zina, asisi, ndi munthu wachifundo chabe, komanso makinawo anali awo.

Magetsi anabwera Lachinayi cha m'ma 3 koloko. Msewu wonse unadzuka, uyu kuthamangira galainda, uyu chometera. Ba Mwanajuma anati ndiyatse ndine. Ndinadziwa kuti ngati ndinalakwitsa, waya wonse uja upsa. Ndinakanikiza switchi. Makina anayamba kung'ung'udza mofatsa, mofanana, opanda utsi. Ba Chrispin anagunditsa kandodo kowotcherera pachitsulo, moto wabuluu n'kuthetheka.

"Yalila!" Amene anakuwayo ndinali ine, asisi. Anthu anatembenuka kufunafuna mwini mawu.

Ba Mwanajuma anaika dzanja pamakina kumvetsera, kenaka anati, "Pa Mande ubwele m'mawa. Beseni usiye kunyumba."

Ndiye mawa ndi Lolemba limenelo. Ndikudziwa kuti munavutika pondifunira ntchito, ndipo mwandilera ngati mayi chimwalirireni amayi athu. Ndikudziwanso kuti ntchito yodalira magetsi chaka chino ili ngati kulima modalira mitambo. Koma zala za mayi uja zikutha, ndipo zimene zili m'mutu mwawo sizinalembedwe paliponse. Ndikachoka, sindikudziwa amene adzazilandire.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze pondiganizira. Kwa mwana wanu Dumi, mumuuze kuti amayi ake aang'ono adzamuonetsa kababu kophethira akadzabwera pa Khirisimasi. Kwa mayi amene amafuna wolera mwana, mundipepesere, apeze wina wamtima wabwino. Azakhali akupereka moni, akuti manja anga akhakhala ngati a mwamuna, koma akunena akuseka. Ndipo kwa inu asisi, amene mwakhala mukundiyankhulira moyo wanga wonse, moni wanga ndi uwu, woyamba kunena ndekha: tikiti ija musagule.

Magetsi angobwera kumene, ndikumva makina akulira kumsewu. Mwa onsewo ndikutha kuzindikira anga.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Tiwo

Ndamaliza kulemba Lamulungu lomweli, 5 koloko madzulo.