Wotchi ya Agogo Yayamba Kuima

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo ndithu.

Ndimati ndikuuzeni za wotchi yapamkono ija agogo anasiyira bambo. Mwezi wathawu yakhala ikuimaima, ndiye ndinapita nayo kwa wokonza mawotchi wa pakhonde la sitolo ya nsapato. Nditamuuza kuti aikemo batire yatsopano, anaseka mpaka kagalasi kake ka padiso kanagwa. Atatsegula kumbuyo anandionetsa nambala, n'kunena kuti inapangidwa bambo asanabadwe n'komwe. Akuti tisaipukute ndi mankhwala, isakhudze madzi, ndipo manambala ofufutikawo tiwasiye choncho, chifukwa ukalamba wakewo ndiwo ulemu wake.

Ndinafunsa kuti nanga ikuimiranji. Iye anati, "Chemwali, iyi siidya batire. Imayenda mkono ukamagwedezeka. Ilibe vuto lililonse. Kodi eni ake amaivala?"

Ndinangoti eya, n'kunyamuka.

Bambo amaivaladi, achimwene, amavula pogona pokha. Kungoti masiku ano amakonda kuswera pampando wa pawindo uja, manja ali pamiyendo. Musade nkhawa, akudya ndithu, ngakhale kuti ndi pang'ono. M'mawa asanadzuke ndimaigwedeza ndekha n'kukonza nthawi kuti asazindikire.

Dzana anati wotchiyi ndi yanu, ndipo akufuna adzakuvekeni okha. Paja munati tchuthi mudzatenga chaka chamawa. Ngati abwana anu ali omva, apempheni mwezi uno.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.