Mbewu Zogona M'munda wa Bambo

14 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Pepani ndi kalembedwe kangaka. Dzanja langa mukulidziwa, ndipo mawu ena ndangowalemba mmene ndimawamvera.

Kuno tilipo. Nkhani ndi ya munda umene bambo anatisiyira. Mchere wakwera, pamwamba payera ngati pathiridwa phulusa, ndipo chimanga chinaleka kale kumerapo. Alangizi a zaulimi anatipatsa mbewu ya chitsamba cha m'chipululu. Akuti chimapirira mchere, ndipo mbuzi zimadya masamba ake. Tinafesa. Mpaka lero sipanatuluke kanthu.

Ine poona dothi louma ndinkathirira madzi a pachitsime chathu, osaganiza kuti nawonso ndi amchere. M'mawa ndinkafukula pang'ono kuti ndione ngati mbewu zaola. Alangizi atandipeza anati, "Mayi, mwana akagona mumamutsegula maso kuti muone ngati ali moyo?" Anati chitsambacho chimapirira mchere chikakula, koma mbewu yake ikamva mchere wambiri ndi ludzu siyerekeza kumera. Imadikira mvula yamphamvu kuti itsuke dothi.

Anandionetsa mbewu zomwezo m'masosala awiri oyalamo thonje lonyowa. Za m'madzi abwino zinatulutsa timizu toyera. Za m'madzi a pachitsime zinangoti zii. Atazisamutsira m'madzi abwino, zina zinamera, zina ayi.

Tsopano achimwene apeza munthu wamalole amene akufuna kuthira miyala pamundapo kuti aziimikapo magalimoto ake. Akathira ndiye kwatha. Achimwene akuti, "Iwe ukulera mbewu zaulesi. Zikadzuka uzipatseko moni wanga." Akazi awo amangoseka. Mwina akunena zoona. Mwinanso ndinazipha ndine ndi madzi aja. Alangizi akuti sangadziwe mvula isanagwe.

Wamaloleyo akufuna yankho mwezi uno usanathe. Achimwene avomera kuti sasaina pangano lomupatsa mundawo popanda mawu anu, popeza wamkulu ndinu. Sindikukuuzani choyankha. Ndikungopempha kuti mukamawayankha iwo, mundilemberenso ine, ndisadzamve ndi phokoso la miyala.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Wotsiriza uja, amene bambo ankamunyamula paphewa popita kumunda, mumuuze kuti mtengo wapamalire udakalipo. Akafuna kudzauona asachedwe.

Mvula sinagwe. Sindikudziwa ngati mbewu zili m'dothimo zili moyo, ndiponso sindikudziwa kuti inu muli mbali iti.

Ine mng'ono wanu.